Phunziro la Acikumbi: Anyezi, Mbiri Yace ndi Ubwino Wace

Acikumbi anzanga a m'boma la Chiradzulu, abambo ndi amai,

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, ndi fodya akapita ku okushoni ku Limbe, ambiri a ife tipacika khasu ndi kudikira mvula ya November. Miyezi isanu ipita cabe, ndalama za fodya zitha, ndipo pofika January m'nyumba mulibe ca ndiwo ngakhale ca sopo. Makolo athu anatha kupumula motero pakuti minda inali yaikulu ndi chire linalipo. Lero sikuli tero ai. Pa kalembera wa caka ca 2018 anapeza kuti m'boma lathu lino muli anthu oposa 350,000, ndipo dziko lace ndi laling'ono, kotero kuti Chiradzulu ali pakati pa maboma opanikizana koposa m'Malawi monse. Munda sungafutukuke. Cimene tingathe kuonjezera ndico miyezi imene tigwira nchito m'mundamo ndi m'dimba.

M'phunziro lino tikamba za mbeu imodzi ya m'cilimwe imene tonse tiidziwa m'mbale, koma owerengeka okha aidziwa m'dimba, ndiyo anyezi. Tiona kumene anacokera, cakudya ciri m'kati mwace, zimene athandiza m'thupi ndi zimene sangathe kucita, ndipo potsiriza tiona malimidwe ndi kasungidwe kace. Odziwa kuwerenga awerengere anzao, ndipo mafunso ali kumapeto muwayankhe pamodzi pa msonkhano wa kalabu yanu.

KUMENE ANYEZI ANACOKERA

Mbeu zathu zambiri ndi alendo. Cimanga ndi fodya zinacokera ku America, nizifika ku magombe a Africa ndi zombo za Apwitikizi citapita caka ca 1500. Anyezi anadzera mbali yina. Kwao kweni-kweni ndi pakati pa Asia, ku maiko a mapiri kumene lero kuli Iran, Afghanistan ndi Pakistan, ndipo anthu akhala akumlima zaka ngati 5,000. Cimene cinamcititsa kukondedwa ndi ici: ndiwo zamasamba zifota tsiku lomwelo, koma mutu wa anyezi utauma bwino ukhala miyezi osaola. Wapaulendo, msilikari ndi woyenda pa nyanja anatha kumnyamula m'thumba ndi kudya kumene kulibe dimba.

Anthu a ku Egypt anamlemekeza koposa. Anamjambula pa makoma a manda, nampereka nsembe, ndipo pamene anafunyulula mtembo woumikidwa wa mfumu Ramesses IV, amene anafa zaka zoposa 1,100 Kristu asanabadwe, anapeza timitu ta anyezi taikidwa m'malo mwa maso ace. Mgriki wina wolemba mbiri, dzina lace Herodotus, anaceza ku Egypt zaka zoposa 400 Kristu asanabadwe, nalemba kuti womasulira anamwerengera malemba a pa piramidi lalikulu, onena za cuma cimene cinapita pogulira anchito omanga anyezi, adyo ndi ndiwo zina, ndico matalente a siliva 1,600.

Akristu adziwa kuti m'buku la Numeri, mutu 11, ana a Israel ali m'cipululu anadandaula pokumbukira zakudya za ku Egypt, ndipo pakati pa zimene anazilira panali anyezi ndi adyo. Abale athu Acisilamu apeza nkhani yomweyo m'Kurani, sura yaciwiri, ndime 61, m'mene anyezi achulidwanso ndi dzina. Taonani, anthu amenewa sanali kugona ndi njala, pakuti mana analipo, koma analirabe anyezi. Kukhuta kokha sikukwanira; munthu afunanso kuti cakudya cikome.

Aroma anamwanditsa mbeuyi m'maiko a ku Ulaya, ndipo citapita caka ca 1492 Azungu anaoloka nayo kunka ku America. Masiku ano dziko lonse likolola anyezi woposa matani 100 miliyoni pa caka, ndipo otsogola ndi India ndi China.

Dzina lakuti anyezi ndi mau a Cingerezi amene lilime lathu linawapinda. Amene anapita ku Joni anamva Azulu akuti anyanisi, ndi amene anagwira nchito ku Harare anamva hanyanisi. Onsewa ndi mau amodzi. Aswahili a ku gombe ali ndi dzina lao-lao, ati kitunguu. Dzina lathuli litisonyeza kuti kuno anyezi anawanda m'masiku a Azungu, kudzera m'madimba a pa mishoni, m'nyumba zophikira za ku Blantyre, Limbe ndi Zomba, ndi kwa Amwenye amene saphika ndiwo popanda iye. Lero anzathu a ku Ntcheu ndi Dedza achuka naye, ndipo wopita pa msika wa Lizulu aona milu yace m'mbali mwa mseu. Ife tiri pafupi ndi Limbe ndi Blantyre kuposa iwo, koma tigula kwa iwo.

CAKUDYA CIRI M'KATI MWACE

Tiyeni titenge mutu umodzi wapakati, wolemera magalamu 100. Akatswiri atauyesa apeza izi:

Madzi, magalamu 89.
Zopatsa mphamvu, monga shuga, magalamu 9. Mwa amenewa pafupi 2 ndi timaulusi tosagayika m'mimba.
Zomanga thupi, galamu 1.
Mafuta, pafupi-fupi palibe.
Vitamini C, mamiligalamu 7.
Mcere wa potaziyamu, mamiligalamu 146.
Mavitamini a mtundu wa B, pang'ono.

Ziwerengero izi zitiphunzitsa kanthu pokha-pokha tikaziyerekeza ndi zakudya zina. Mphamvu ya m'cakudya aiyesa ndi muyeso wochedwa kalori. Anyezi wa magalamu 100 ali ndi makalori 40, koma ufa wolemera comweco uli nao ngati 360, ndiko kuposa kasanu ndi kanai. Nsinjiro za magalamu 100 ziri ndi zomanga thupi magalamu 25, nyemba zouma zoposa 20, anyezi 1 yekha. Munthu wamkulu afuna vitamini C mamiligalamu 45 pa tsiku. Anyezi apatsa 7, pamene gwafa wolemera cimodzi-modzi apatsa oposa 200.

Tsono tinene mosabisa: anyezi sakhutitsa, ndipo samanga thupi. Mwana amene adya nsima ndi msuzi wa anyezi, mcere ndi madzi okha adzapinimbira ngakhale msuziwo ununkhire cotani. Ici si cinthu coseka naco, pakuti kufufuza kwa Boma kwa zaka za 2015 ndi 2016 kunapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka zisanu m'Malawi, 37 anali opinimbira, ndi 63 anali ocepa magazi. A zaumoyo atiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Anyezi ali m'gulu la zamasamba, ndipo sangalowe m'malo mwa magulu asanu enawo.

Pali mbali yina imene ambiri aitaya, ndiyo masamba. Mutu ulibe vitamini A, koma masamba obiriwira ali naco cimene thupi lipangira vitamini ameneyu, wothandiza maso ndi kuchinjiriza ana ku matenda. Mbande zotsala pookera ndi anyezi wopatulira musatayire mbuzi. Dulani masambawo m'ndiwo.

CIFUKWA CACE ATILIRITSA MISOZI

Anyezi akamakula ayamwa sulufule m'dothi namsunga m'tizipinda ta mutu wace. M'tizipinda tina asungamo cinthu cina cosungunula. Mutu uli wamphumphu ziwirizi sizikomana, koma mpeni ukadula zisakanikirana nizitulutsa mpweya wowawa. Mpweyawo ukafika m'maso, maso atulutsa misozi kuti autsuke. M'caka ca 2002 akatswiri a ku Japan anapeza cinthu ceni-ceni cimene cipanga mpweyawo. Mbeuyi icita izi kudzichinjiriza ku zirombo zofuna kuidya. Sulufule yemweyu ndiye mwini pfungo ndi ukali wa anyezi. Amai ofuna kucepetsa misozi anole mpeni, pakuti mpeni wobuntha uphwanya tizipinda tambiri. Abviike mutuwo m'madzi ozizira, ndipo adulire panja popita mphepo.

ZIMENE ANYEZI ATHANDIZA M'THUPI

Ngati sakhutitsa, nanga ubwino wace uli pati? Uli m'zinthu zisanu.

Coyamba, akometsa ndiwo. Nyemba, nandolo, khobwe, nkhwani ndi usipa ndizo zimanga thupi, koma zikakhala zozizira mwana angotapa kawiri nasiya. Zikakoma atha mbale. Wodwala amene wataya cilakolako ca kudya abwerera ku mbale cifukwa ca pfungo. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lilangiza kuti munthu adye zamasamba ndi zipatso magalamu 400 pa tsiku, ndipo anyezi ndi phwetekere ndiwo atsegula njira ya zamasamba zina zonse.

Caciwiri, athandiza kucepetsa mcere. M'caka ca 2009 anafufuza m'Malawi napeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sanali kudziwa. Mcere wambiri ukulitsa nthenda imeneyi. Muyeso woyenera ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, ndiyo supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera pamodzi zakudya zonse. Ndiwo zokhala ndi anyezi wokwanira zikoma ndi mcere wocepa.

Cacitatu, athandiza thupi kutenga citsulo copanga magazi. Nyemba ndi cimanga ziri naco citsulo cimeneci, koma cambiri ciri comangika, cingopyola m'matumbo. M'caka ca 2010 akatswiri a ku Mysore, ku India, anayesa m'nyumba yao yoyeseramo, naona kuti mbeu zamaso ndi zanyemba zophikidwa pamodzi ndi anyezi kapena adyo zimasula citsulo ndi zinki wambiri kuposa zophikidwa pazokha. Cifukwa cace mphika wa nyemba usasowe anyezi, makamaka m'nyumba muli mai wodwala pakati kapena ana ang'ono.

Cacinai, adyetsa tizirombo tabwino ta m'matumbo. Si tizirombo tonse tiri adani athu. M'matumbo a munthu ali yense muli miyanda-miyanda ya tizirombo tothandiza kugaya, ndipo timaulusi ta anyezi, timene mimba yathu siitha kugaya, ndito cakudya cao. Ici cithandiza kupita bwino kucimbudzi. Kwa anthu ena cidzetsa mpweya ndi kutupa m'mimba. Oterewa adye wophika, ndiponso pang'ono.

Cacisanu, muli cinthu cochedwa quercetin, cimene ciculuka m'anyezi wofiira ndi wacikasu, makamaka m'zikamba zakunja. Ku Germany m'caka ca 2015 anapatsa anthu odwala kuthamanga kwa magazi quercetin wocotsedwa m'makoko a anyezi, ndipo magazi ao anatsikako pang'ono. Koma dziwani kuti muyeso umene anawapatsa unali waukulu kuposa umene munthu apeza m'ndiwo za tsiku limodzi, ndipo kutsikako kunali kocepa kosati nkulowa m'malo mwa mankhwala.

ZIMENE ANYEZI SANGATHE KUCITA

Apa cherani khutu, pakuti pali moyo wa anthu. M'misika, m'mabasi ndi pa matelefoni mumveka mau akuti anyezi ndi adyo aciza shuga, khansa, malungo, ngakhale kacirombo ka HIV. Mau amenewa ndi onama. Anyezi ndi ndiwo, si mankhwala. Ife a ku Chiradzulu tiyenera kudziwa ici koposa ena, pakuti kuno kwathu ndiko kumene madotolo a bungwe la Médecins Sans Frontières anayamba kupereka mankhwala a ARV m'caka ca 2001, ndipo tinaona ndi maso athu anthu amene tinawataya mtima akudzuka ndi kugwiranso khasu. Anawadzutsa ndi mankhwalawo, pamodzi ndi cakudya cabwino. Wosiya mankhwala a ku cipatala cifukwa ca madzi a anyezi adzikumbira yekha manda.

Ena aika anyezi wodula m'ngodya za nyumba nati ayamwa matenda a m'mpweya. Sayamwa kanthu, angoitana nchenche. Musathire madzi a anyezi m'maso, m'khutu lotuluka mafinya, kapena pa bala la moto. Mwana wotentha thupi apite ku cipatala tsiku lomwelo akamuyese malungo. Khanda losafika miyezi isanu ndi umodzi liyamwe bere lokha.

Kunenanso za ziweto: anyezi aononga magazi a ng'ombe, agaru ndi amphaka. Inu oweta ng'ombe za mkaka musathire anyezi woola m'modyera, pakuti ng'ombe idwala, ndi mkaka utenga pfungo, ndipo adzakubwezani nao kumalo kogulitsira.

KAPHIKIDWE KOYENERA

Posenda cotsani khoko louma lokha, cifukwa zikamba zoyamba ndizo ziri ndi zabwino zambiri. Kazingani pa moto wocepa mpaka afewe; wopserera awawa ndipo alibe nchito. Vitamini C afa ndi kuwira nthawi yaitali ndiponso ndi soda kapena cidulo. Msuzi musataye. Wofuna kudya wamuwisi ndi phwetekere atsuke ndi madzi otetezedwa, asambenso m'manja ndi sopo. Kolera wa zaka za 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi a mumtsinje amene tithirira dimba si madzi otsukira cakudya.

MTUNDU WOYENERA KUNO

Mcikumbi wina agula mbeu yokongola pa pepala, aisamala miyezi isanu, nakolola masamba okha-okha opanda mitu. Cifukwa cace ndi ici. Anyezi awerenga kutalika kwa usana, ndipo sayamba kuika mutu usana usanafike pa muyeso wa mtundu wace. Mitundu ya ku Ulaya ifuna usana wa maola 14 kufikira 16. Kuno kwathu usana utalika maola ngati 11 m'mwezi wa June ndi 13 m'mwezi wa December, supitirira apo. Mitundu imeneyo siidzaika mitu kuno ngakhale muithire manyowa ngolo khumi. Ife tifuna mitundu ya usana waufupi.

Iwiri yodziwika ndi iyi. Texas Grano, amene makolo ace anacokera ku Spain nakonzedwa ku Texas, ku America, kumene mtundu wochedwa Texas Early Grano 502 unatuluka m'caka ca 1944. Mitu yace ndi yaikulu, yacikasu, yosawawa, koma ya madzi ambiri, ndipo siikhalitsa. Red Creole, wa ku Louisiana, mitu yace ndi yocepa, yofiira, yolimba ndi yaukali, ndipo isungika miyezi yambiri. Wofuna kugulitsa msanga abzale woyambayo. Wofuna kusunga abzale waciwiriyo. Za mitundu ina funsani mlangizi wanu wa ku Mombezi, Thumbwe kapena Mbulumbuzi, pakuti alangizi alandira nzeru kucokera ku malo oyesera mbeu a ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo. Gulani mbeu ya caka comweco, cifukwa mbeu ya anyezi ikagonera caka cimodzi yambiri siimera.

MALIMIDWE ACE

Inu olima fodya mwadziwa kale theka la nchito imeneyi, pakuti kufesa nazale, kukhwimitsa mbande ndi kuokera ndi nchito yanu ya caka ndi caka. Akulu anati mmera m'poyamba.

1. Fesani kuyambira kumapeto kwa February kufikira April. Anyezi afuna kuzizira pokula masamba, ndi kutentha kouma pokhwimitsa mitu. Tsamba liri lonse ndi cikamba cimodzi ca mutu. Masamba akaculuka nyengo yozizira, mutu udzakula. Wocedwa kufesa akolola timitu tonga mazira a njiwa. Inde, miyezi imeneyi muli pa nchito ya fodya, koma bedi limodzi la nazale silitha ola limodzi pa tsiku.

2. Bedi la nazale likhale mita imodzi m'lifupi, lokwera, la dothi losalala. Lembani timizere totalikirana masentimita 15, takuya sentimita imodzi, ndi kufesa mopatuka. Phimbirani ndi udzu wopanda njere, thirirani ndi kheni m'mawa ndi madzulo, ndipo cotsani udzuwo mbeu zikamera, patapita masiku 7 kufikira 10. Mbande zothithikana pa cinyezi cambiri ziola m'tsinde.

3. Okerani patapita masabata 6 kufikira 8, mbande zitafika msinkhu wa cikhatho ndi kunenepa ngati pensulo. Sabata lotsiriza cepetsani madzi kuti zikhwime. Okerani madzulo, m'mizere yotalikirana masentimita 30, ndi masentimita 10 pakati pa mbande. Musazamitse, kwirirani mizu ndi kambali koyera kokha.

4. Dothi likhale lofewa, losadikha madzi. Thirani manyowa oola bwino, ndowa imodzi pa mita imodzi ya bedi m'litali ndi m'lifupi, masabata awiri musanaokere. Manyowa aawisi adzetsa udzu ndi kuoletsa mitu. Feteleza wokulitsa wokhala ndi sulufule athandiza, pakuti dothi lathu lambiri lisowa sulufule. Wobereketsa thirani patapita masabata atatu kapena anai, koma lekani mitu ikayamba kutupa. Mukapitiriza, makosi anenepa ndipo anyeziyo sasungika.

5. Mizu ya anyezi ndi yaifupi, siipitirira phazi limodzi kunka pansi, ndipo masamba ace saphimba dothi. Cifukwa cace afuna madzi pang'ono koma kawiri-kawiri, ndipo udzu umgonjetsa msanga. Zulani udzu ndi manja. Khasu lidula mizu. Musaundire mitu ngati mbatata. Isiyeni ionekere pamwamba.

6. Mdani wamkulu m'nyengo yotentha ndi tizirombo tating'ono-ting'ono tobisala pakati pa masamba, timene tiyamwa madzi mpaka masamba aoneke otuwa. Kuthirira kokwanira kuticepetsa. M'masiku a ciperoni ndi cinyezi mubwera nthenda ya mawanga ofiirira pa masamba. Musabzale anyezi pamalo pamodzi zaka zotsatana. Sinthanitsani ndi cimanga cacisanu, nyemba kapena kabichi, mubwerere patapita zaka zitatu. Ndipo ndikupemphani, mankhwala otsala a fodya musapopere pa ndiwo. Fodya sitimadya, anyezi tidya. Funsani mlangizi mankhwala oyenera, ndi masiku odikira musanakolole.

7. Musalime kufikira m'mphepete mweni-mweni mwa mtsinje. Siyani mpata wa udzu, bango, nthoci kapena vetiva. Namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023 anatisonyeza m'boma lino cimene madzi acita ndi dothi lopanda cogwira.

KUKOLOLA NDI KUSUNGA

Patapita miyezi ngati inai ciokereni, makosi afewa ndi masamba ayamba kugwa okha. Pamenepo lekani kuthirira. Theka la munda likagwa, zulani pa tsiku louma. Musapinde masamba ndi phazi kuti mufulumize, cifukwa bala la pakhosi ndilo khomo la kuola.

Tsono apa ndi pamene mlimi wa fodya aposa anzace. M'miyezi ya August ndi September cigafa canu ciri cabe. Cisesereni bwino, ndipo yanikani anyezi m'menemo pa mthunzi popita mphepo, sabata limodzi kapena awiri, kufikira khosi litauma gwa ndi khoko likulira pokhudza. Pamenepo mungaluke masamba ndi kupacika monga mupacika fodya, kapena kudula masamba kusiya zala ziwiri pamwamba pa mutu ndi kuyala pa thandala. Wa khosi lalikulu, wobvulala ndi wotulutsa maluwa mumpatule, adyedwe kapena agulitsidwe msanga. Musasunge m'matumba a pulasitiki kapena a feteleza. Afuna matumba a maukonde. Sabata ndi sabata yang'anani ndi kucotsa woola.

Tiyeni tiwerenge. Bedi la masentimita 120 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali litenga mizere inai, mzere uli wonse mbande 100, pamodzi 400. Mutu uli wonse ukalemera magalamu 100, ndiwo makilogalamu 40 pa bedi limodzi. Banja lodya mitu iwiri pa tsiku litha mitu 300 pa miyezi isanu; bedi limodzi likwanira pakhomo. Galamu limodzi la mbeu liri ndi njere ngati 250, kotero kuti paketi ya magalamu 10 ikwanira mabedi anai, ngakhale zina zisamere. Limodzi la pakhomo, atatu a pa msika.

Pa msika napo pafunika nzeru. M'miyezi ya September ndi October ali yense akolola, ndipo pa Mbulumbuzi, Namadzi, Namitambo ndi Limbe mtengo ugwa. Mvula ikakhazikika anyezi asowa, cifukwa m'dzinja abvuta kulima, ndipo mtengo ukwera m'miyezi yomweyo imene m'nyumba mufunika ndalama za sukulu, za feteleza wobereketsa ndi za cimanga cogula. Woumitsa bwino Red Creole wace agulitsa nthawi imeneyo. Koma wosadziwa kuumitsa agulitse msanga, pakuti fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Yambani ndi mabedi owerengeka caka cino, muphunzire kusunga, ndipo caka ca mawa muonjezere. Kuthirira m'mamawa mwa June kuzizira ndithu, koma walira mvula walira matope.

MAFUNSO A PA MSONKHANO

1. Chulani mbeu ziwiri zimene zinacokera ku America, ndi dera kumene anyezi anacokera.
2. Cifukwa ninji mwana sangakule ndi nsima ya msuzi wa anyezi wokha? Muonjezere ciani m'mbale mwace?
3. Mnansi wanu afuna kusiya mankhwala a ku cipatala kuti azimwa madzi a anyezi. Mudzamuuza ciani?
4. Cifukwa ninji mbeu ya anyezi ya ku Ulaya siika mitu kuno?
5. Mudziwa bwanji kuti anyezi wakhwima, ndi kuti wauma kokwanira kusunga?
6. M'mudzi mwanu ndi malo ati ali ndi madzi kufikira September, ndipo ndi mabanja angati angagawane malowo?

Mayankho a funso lotsirizali muwapereke kwa mlangizi wanu mwezi wa January usanathe, kuti adze kudzayesa nanu mabedi nthawi yofesa isanafike.

Ndine wanu pa nchito ya khasu,
Mlangizi wa za Ulimi, Chiradzulu.